Mzere Wofiira pa Bwato la Achimwene

Lolemba

Mamawa. Dzuwa langotuluka kumene koma kwatentha kale. Mphepo palibe, nyanja yangoti bata.

Kope ili ndi la ulendo. Loweruka ndikupita ku ugowi, kumisasa ya asodzi. Ine amene!

Ndikwera bwato la achimwene anga a Fanuwelo, amene amakasiyira asodzi ufa pakatha masabata awiri alionse. Malowo ali kuseri kwa phiri lija lolowa m'madzi, kumene galimoto kapena kabaza safika. Kupalasa kwake n'kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa pamutu. Asodzi anamanga misasa yaudzu pamchenga, akutsata usipa. Amuna anga a Layisoni ali komweko, ino ndi sabata yachisanu, ndipo akuti sabwera mpaka mvula itayamba.

Chimene ndikupitira ndilemba kamodzi kokha, kenako kope lino ndizilibisa pansi pa mphasa. Ndili ndi pakati. Miyezi iwiri ndi theka, woyamba. Akudziwa ndi anamwino ndi ine basi. Ndikufuna a Layisoni amve kuchokera pakamwa panga, nditaima pamaso pawo, ndione chimene nkhope yawo ichite. Pa foni ayi. Ndipo ndikachedwa, amayi a padoko pano ali ndi maso, nkhaniyi ikafika kumeneko ine ndisanafike.

Achimwene ndawapempha dzulo, nditazungulira nyumba yawo kawiri. Ndinati ndikufuna kukachapa zovala za a Layisoni. Anaseka, akuti kumeneko zovala zimachapidwa ndi mafunde mwini wake atazivala. Koma avomera. Akuti ndisadzalire nyanja ikadzayamba kuvina.

Sakudziwa kuti za ulendo wa pamadzi ndimazidziwa kuposa m'mene ndimaonekera. Ndisanakwatiwe ndinasesapo miyezi isanu ndi umodzi pa loji ina ku Nkopola. Kunkabwera azungu ndi timabwato tapulasitiki, opita kukagona m'magombe a kutchire. Bambo amene ankawatsogolera ankayala katundu yense pamchenga n'kumawerenga papepala chimodzichimodzi, ndipo wosavala jekete sankakwera, ngakhale akhale wa ndevu zoyera. Ine ndinkasesa pafupi, malo amodzimodzi katatu. Ndinamva zonse.

Zofunika:
jekete yoyandamitsa (anandipatsa ku loji itaduka lamba)
nkhafi yapadera, ina ikathyoka kapena kugwa
chigubu chodula pakamwa chokapira madzi, chomangirira ku bwato ndi chingwe
machesi m'kabotolo kotseka
neti, mphasa, ndi pepala lakuda lomangira kamsasa kathu awiri
madzi akumwa owiritsa, zigubu ziwiri
tochi, mpeni, wezulo
sefuliya yaing'ono, mbaula, makala
diresi yabuluu ija
mango aawisi ndi mchere, izi n'za ine ndekha

Malamulo a bambo aja anali atatu. Kunyamuka mphepo isanadzuke. Kutsata gombe, osadula pakati ngakhale kuoneke pafupi. Kuuza munthu mmodzi wa kumtunda kumene ukupita ndi tsiku lobwerera, kuti ukapanda kufika adziwe koyambira kufuna.

Ndawerenga kawiri, palibe chotsala. Kusukulu ndinalekera Sitandade 7, koma ndikanakonda aphunzitsi aja aone tsamba lino.

Lachiwiri

Masana, dzuwa likuswa mtengo.

Ndowa yakana kulowa!

Ndi ndowa yanga yabwino ija, ya chivindikiro chothina, yogula ku msika wa ku Mangochi. M'mutu mwanga zinthu zonse zosafuna madzi zinali kale m'menemo. Ndapita nayo padoko kukayesa. Pakamwa pa bwato la achimwene ndi popapatiza, miyendo umaika wina kutsogolo wina kumbuyo, mimba yake ndiye yotakasuka m'kati. Ndinabadwira pano, bwatoli ndimaliona tsiku lililonse, koma sindinaganizeko. Ndaitembenuza chammbali. Ndaizondotsa. Ayi ndithu. Amayi oanika usipa pathandala asiya ntchito kuti andionerere, ndipo mmodzi akuti ndiyese kuidzoza mafuta ophikira.

Ndabwerera nayo ili pamutu, ngati ndimakatunga madzi.

Koma njira yapezeka. Majumbo awiri pa chinthu chilichonse. La m'kati kulimanga pakamwa n'kupinda, lakunja kuliveka chozondotsa, kenako kuzenga ndi mphira wa chubu cha njinga. Ndayesa ndi chitenje, ndachimiza m'beseni n'kutsindirapo mwala mpaka ndamaliza kusesa bwalo lonse. Chatuluka chouma gwa! Azungu aja matumba awo ankabwera nawo pa ndege. Anga ndi a pagolosale.

Lamba wa jekete ndasoka ndi ulusi wa ukonde, mizere itatu. Ndaipachika pamtanda wa denga n'kulendewerapo. Sanaduke.

Madzulo. Lamulo lachitatu ndalikwaniritsa. Munthu mmodziyo ndasankha apongozi anga, amayi awo a Layisoni, poti kuwatsanzika ndiyenera kuwatsanzika basi. Ine ndi iwo sitinayang'ananepo m'maso chikwatirireni, ndi m'mene ziyenera kukhalira. Ndagwada chapatali, ndayang'ana mtondo, ndanena za ulendo ndi tsiku lobwerera. Iwo amasenda chinangwa, maso ali pa mpeni. Afunsa ngati ndi pa bwato. Ndati eee. M'mbali mwa diso ndaona akundiyang'ana m'khosi, kenako kumapazi.

"Muyende bwino," atero. "Mwina tidzakupatsirani kakatundu kakang'ono."

Kakatundu kakang'ono n'chiyani? Malo alipo ambiri.

Lachitatu

M'mawa, kamphepo pang'ono, mafunde ang'onoang'ono.

Lero ntchito yaikulu. Bambo a ku loji aja ankati bwato lililonse lili ndi polekezera, ukalidzazitsa funde laling'ono lomwe limalowa ngati kwawo. Asodzi athu amangoyesa ndi maso. Ine ndapempha penti wofiira wotsala kwa bambo olemba maina pa maboti, wa m'kachitini basi, ndi nthenga ya nkhuku.

Talongedza moyeserera. Matumba awiri a ufa, katundu wanga yense, achimwene kumbuyo, ine pakati. Bwato layandama pamwamba bwinobwino. Ndakhalamo osagwira dzanja la munthu! Titatsika ndayesa zala zinayi kuchokera pamlomo wa bwato kupita pansi, ndajambula mzere mbali zonse ziwiri. Wowongoka ngati wa rula.

Lamulo lachinayi, langalanga: madzi akakhudza mzere, china chitsike.

Achimwene akuti bwato lawo ndalipaka milomo ngati likupita ku ukwati. Nthawi yomweyo apongozi amadutsa ndi beseni la zochapa, aima, afunsa achimwene za mzerewo. Iwo awafotokozera akuseka, akuti mlongo wangayu madzi akangofika apa sakwera, ngakhale mumulipire. Apongozi awerama, auyang'anitsitsa, afunsanso ngati n'zoona kuti sangakwere. Kenako akuti, "Nzeru zimenezo."

Apongozi anga! Pagulu! Ndayenda mpaka kunyumba osamva kutentha kwa mchenga.

Masana. Kwabwera alendo.

Oyamba Abiti Saidi, oyandikana nawo nyumba. Amuna awo ali mu chilimira chimodzi ndi a Layisoni, gulu lokoka ukonde umodzi. Abweretsa batire la nyali zokopera usipa, lotchajitsa kale, ndi kamkeka kopempherera. Batire lolemera ngati mwana wa zaka zinayi. Kenako mayi wina wa kwaya yathu, thumba la mbatata la mwana wawo. Kenako mtsikana amene dzina lake sindilidziwa n'komwe, sopo ndi kalata yomata ndi phala, ndipo wandilumbiritsa kuti ndikapereke m'manja.

Onse mawu ake amodzi: "Tamva muli ndi ulendo, mukatiperekereko aka."

Ndinauza munthu mmodzi. Nanga awa amva kwa yani?

Kuno wa paulendo sakana kamtolo ka mnzake. Ukakana, adzakumbutsana mpaka pa maliro ako. Ndipo ine, ngakhale mwambowo ukanapanda kukhalapo, mawu akuti ayi amandikanirira pakhosi. Ndimatsegula pakamwa, chotuluka n'chakuti, "Ikani apo."

Ndakadandaula kwa achimwene. Akuti masiku onse amapita ndi ufa wokha chifukwa nkhope yawo anthu amaiopa. Akuti iwo ndi injini chabe, kondakitala ndine.

Chabwino. Kondakitala. Malo adakalipo.

Lachinayi

Kwatentha kuposa dzulo. Nkhuku zili kukamwa yasa pansi pa nkhokwe.

M'mawa timamata bwato. Pali kamng'alu kutsogolo, achimwene akuti n'kakale sikavuta, ine ndati timate basi. Asungunula phula m'chitini, ine ndikukanikiza nsanza m'mng'alumo ndi mpeni. Fungo litangondipeza ndathamangira kuseri kwa thandala. Phala lonse la m'mawa latuluka.

Podzuka ndapeza Abiti Saidi ali chilili ndi kapu ya madzi. Akuti, "Phula limeneli limasankha anthu." Amwetulira, apita. Sindikudziwa ngati akutanthauza kanthu. Ndikuganiza kuti ayi. Loweruka lifike msanga.

Zobwera lero:
thumba la mchere
dengu la tomato ndi anyezi, akuti akagulitse kumeneko
mpukutu wa chingwe cha ukonde, wa eni chilimira
nsapato imodzi yosokedwa, inzake ili kale ku ugowi
chigubu cha thobwa
wailesi

Wailesiyo ndaizenga majumbo atatu.

Poti amuna ena kumeneko sawerenga, ndang'amba nsalu zakale za mitundumitundu. Mtolo uliwonse nsalu yake, ndipo mkazi aliyense ndamufunsa chitenje chimene mwamuna wake amachidziwa. Wa nsalu yobiriwira ndi wa mayi wa kwaya, wa madontho ndi wa Abiti Saidi, choncho. M'kope lino ndalemba kumapeto, dzina ndi mtundu. Mayi wa tomato waima nthawi yaitali kundionerera ndikumanga, akuti ngakhale ku depoti ya mabasi samanga chonchi. Ndamva kukoma mpaka m'zala.

Nyumba yadzaza ngati sitolo. Podutsa kupita kuchipinda ndikuyenda chammbali.

Ndakhala pansi ndi kope, ndayamba kufufuta zanga. Mbaula ndi makala zitsale, nkhuni kumeneko ziliko. Mphasa itsale, mchenga ndi wofewa. Tochi ayi, tochi ndi yopepuka.

Munthu wodziwa ulendo amadziwika ndi zimene wasiya. Awa ndi mawu anga, sindinamve kwa wina.

Madzulo wabweranso mtsikana wa kalata uja. Akuti aitenge, walemba ina. Yatsopanoyo ndi yonenepa kuposa yoyamba, ndipo yabwera ndi botolo la mafuta odzola. Ndamasula mtolo, ndamanganso.

Lachisanu

Mitambo iwiri kumpoto, yopanda mvula. Achimwene ayang'ana kumwamba, anyowetsa chala, akuti mawa kucha bwino koma dzuwa likakwera vuma, mphepo ya kum'mawa ija, adzuka. Ndiye tinyamuke kusanayere.

Ndimati lero ndipumule. Ha!

Anthu atangotuluka ku mzikiti afika Che Mbwana, nkhalamba imene inasema bwato la achimwene. Akwapatira bawo lathunthu, la mtengo wolemera, ndi kathumba ka nkhomo zake. Akuti mdzukulu wawo akusowa chochita masana, ayamba kuganiza zopusa. Munthu amene anasema bwato ungamuuze kuti m'bwato lake mulibe malo? Ndagwada, ndalandira ndi manja awiri.

Kenako tambala. Wamoyo. Wa yani sindinamve bwino chifukwa amalira. Uyu majumbo ayi, ndamumanga miyendo ndi nsalu yachikasu.

Ndiye chakumadzulo, kakatundu ka apongozi kaja. Kabwera pa wilibala! Thumba lalitali, losokedwa mothina kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndayesa kulinyamula, langondiyang'ana. Apongozi aima pakhomo, maso ali padenga, akuti, "Musatsegule, n'za mwana wanga." Ndayang'ana wilibala, ndati zikomo.

Chimodzi ndiwayamikire. Alisoka mopapatiza, ndayesa ndi chingwe, pakamwa pa bwato lilowa ndendende. Apongozi amaganiza patali, si ngati ine ndi ndowa yanga.

Vuto n'lakuti jumbo lokwana thumba limeneli kulibe. Za m'kati sindikuzidziwa, mwina ufa wa mtundu wina, mwina mankhwala, ndipo katundu wa apongozi sangafike wonyowa ine ndili kondakitala. Ndatenga pepala langa lakuda, lija la kamsasa, ndalikulunga kawiri, ndazenga mphira. Laoneka bwino kwambiri. Kamsasa kathu kapita pamenepo. Tikagona pansi pa neti, nyenyezi sizinyowetsa.

Zina zotsala: sefuliya, chigubu chimodzi cha madzi.

Zosatsala zivute zitani: jekete, nkhafi yapadera, chokapira madzi, wezulo, neti, diresi, mango.

Ndapempha achimwene kuti tiyeserenso kulongedza lero. Akana, akuti bwato si mwana woti uzimusambitsa kawirikawiri, tidzaona mawa. Ndayang'ana mulu wonse ndi maso, ndauyerekeza ndi mzere. Ndikuganiza kuti tikwana. Ndikuganiza choncho.

Mawu ndakonza. Poyamba ndimati ndidzanene kuti kunyumba kukubwera mlendo, koma a Layisoni angafunse kuti agona pati. Ndidzangowapempha kuti tiyende mpaka kothera mchenga, kumene anzawo sangamve, ndidzanene m'mene zilili. Ndayeserera kanayi pamaso pa tambala. 

Loweruka

Ndikulemba masana, ndili pakhonde. Pakhonde la kunyumba.

Mbandakucha tinali padoko, nyanja ili phee monga ananenera achimwene. Ndimayesa tikhala awiri. Ndapeza eni katundu onse alipo, afunda zitenje, akuti adzatiperekeze. Che Mbwana ndi ndodo yawo. Apongozi chapatali.

Kulongedza ndalongedza ndekha, achimwene amangonyamula. Zolemera pansi ndi pakati: ufa, batire, thumba la apongozi. Zopepuka pamwamba. Tomato kutali ndi batire. Wailesi pakati pa mbatata. Tambala kutsogolo ngati kapitawo. Chilichonse chomangirira, kuti bwato likapendekeka chisathamangire mbali imodzi. Litakankhidwira m'madzi laima chilili, osapendamira uku kapena uku. Wina kumbuyo kwanga wati, "Koma mwanayu."

Mzere unali zala ziwiri pamwamba pa madzi.

Akwera achimwene. Chala chimodzi.

Ndavala jekete, ndakwera ine. Ndayang'ana pambali, mzere palibe. Ndapisa dzanja m'madzi, ndaupeza uli pansi.

Achimwene akuti tiye, bwato limeneli linanyamulapo mbuzi zitatu ndi mwini wake. Ine ndatsitsa chigubu changa cha madzi. Palibe chasintha. Ndatsitsa diresi, neti, mango. Mzere uli pansi pomwepo.

Ndayang'ana kumtunda. Aliyense akuyang'ana mtolo wa mnzake. Ndakoka mpweya, ndati, "Mwina batire..." Abiti Saidi sanadikire ndimalize. Akuti popanda batire nyali siziyaka, nyali zikapanda kuyaka amuna anga omwewo agwira chiyani? Ndayang'ana bawo, Che Mbwana atsokomola. Ndayang'ana mbatata, mayi wa kwaya ayamba kunena za mwana wawo kuti anachoka ali wowonda kale. Ndayang'ana thumba lakuda lija. Ilo lokha likanatsika, tikanapita. Apongozi amayang'ana phiri.

Kuwauza apongozi pagulu kuti tsitsani katundu wanu? Pakamwa ndinatsegula ndithu. Mulungu ndi mboni.

Ndiye ndinaganiza zongopita. Ndani akanandiletsa? Mzere ndi wanga, penti wopempha. Pomwepo boti la injini ladutsa patali, kafunde kake kafika mochedwa, kakang'ono ngati ka m'beseni. Kakwera pamlomo wa bwato n'kundithira pa chitenje. Apa ndi padoko, mphepo isanadzuke, phiri tisanalizungulire.

Ndikanakhala ndekha m'thupi muno mwina ndikanapita.

Ndatsika. Mzere watulukanso, chala chimodzi pamwamba pa madzi, wofiira bwinobwino.

 Ndavula jekete, ndaipereka kwa achimwene. Aseka, akuti zaka zonse akhala pamadzi avale chovala cha azungu ngati mwana? Chingwe cha bwato chinali m'manja mwanga. Ndachikulunga padzanja kawiri.

"Chingwechi sindisiya mpaka muvale."

Mawu anatuluka aakulu, sindikudziwa anachokera kuti.  Achimwene andiyang'ana, ayang'ana anthu, avala. Pamimba yakana kukumana, ndawamangira ndekha ndi lamba wanga wosoka uja, wezulo ndawakoleka m'khosi. Amayi aseka mpaka kugwirana mapewa. Ndawapatsa tsamba la maina ndi mitundu ya nsalu, ndawauza atsate gombe. Akuti, "Chabwino, akondakitala."

Asanapalase, apongozi alowa m'madzi mpaka m'mawondo, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita. Awakodola achimwene, awanong'oneza. Achimwene atembenuka, andiyang'ana nthawi yaitali, avula chipewa, avalanso. Ndi iwo mwini mbumba, nkhani zotere akulu amauza iwo. Ndadziwa pomwepo kuti m'bwato mwakwera katundu wina amene sindinamange ine.

Ndaimirira mpaka jekete yasanduka kadontho. Ndatola diresi ndi mango, ndabwera.

Lamulungu

Kunja kwachita mitambo, vuma akuwomba chiyambire m'mawa.

Ku tchalitchi ndapita. Amayi atatu andisunthira malo pa benchi, malo aakulu okwana anthu awiri. Mayi wa kwaya wandiletsa kunyamula mpando. Basi, doko lonse likudziwa.

Titangoweruka foni yalira. A Layisoni. Akwera pamwala pamene pamagwira netiweki, ndipo kumbuyo kwawo ndikumva chilimira chonse chakwera nawo, wina akuimba chigubu ngati ng'oma.

"Ndamva," atero. "N'zoona?"

Ndati eee.

 Anzawo akukuwa, wina akuti mwanayo adzamutche Batire. Kenako a Layisoni afunsa, "Mwadya?" Ndati ndadya. Mawu anga onse okonza aja athera pamenepo.

Zina anena ndi izi. Vuma anawapeza achimwene pozungulira phiri, madzi analowa kawiri. Chokapira chinawapulumuka m'manja n'kugwera m'nyanja, anachikoka ndi chingwe chake. Anafika atavala jekete, ndipo asodzi anaimirira kuwachitira sawasha. Katundu yense wafika kwa eni ake, palibe chosokonekera, palibe chonyowa. Wailesi ikulira. Kalata yawerengedwa kale katatu. Tambala amudya lero. Eni chilimira akufunsa kuti walongedza ndani, akuti azilongedza yemweyo ulendo uliwonse.

Kumapeto a Layisoni atsitsa mawu. Akuti pali chimodzi sakumvetsa. Thumba la amayi awo alimasula mosamala, anthu onse atazungulira, apezamo njerwa. Njerwa zootcha, zokulungidwa m'masanza kuti zisagundane. Akuti amayi akufuna amange chiyani pamchenga? Pakali pano aziika pamoto ngati mafuwa.

Ndakhala pansi.

Ndiye kuti apongozi anaona kuti ndili ndi pakati Lachiwiri lomwe lija, ndili chogwada. Kundiuza m'maso kuti musakwere bwato muli chonchi sakanatha, monga ine sindikanatha kuwauza za thumba lawo. Anangopita khomo ndi khomo kuuza anthu kuti kuli ulendo, kenako anakatola njerwa kuseri kwa bafa.

Ndafunsa ngati njerwazo zinafika zouma. Akuti zouma gwa.

Foni isanaduke ndapempha achimwene. Ndawafunsa motsitsa kuti pamene amawauza a Layisoni, iwo anatani. Akuti anakhala pansi pamchenga. Ndati nanga nkhope? Achimwene akuti, "Nkhope yake yomwe ija, ukuidziwa." Mayunitsi athera pomwepo.

Basi. Zimenezo sindidzazionanso, woyamba amakhala mmodzi.

Apongozi abwera masana ndi lichero la nyemba, akhala kumapeto kwa khonde langa. Akusankha nyemba, maso ali pa nyemba. Ine maso ali pa kope. Andifunsa kamodzi ngati katundu anafika bwino, ndati anafika bwino yense. Akuti, "Mumamanga bwino inu." Ndati zikomo.

Ndamaliza kulemba Lamulungu, nthawi ili 4 koloko madzulo.